Windows ikamaima panjira mutangoika RAM kapena SSD yatsopano

Kompyuta ya kunyumba kwathu ndi desktop yakale ya muofesi, ya Core i5 ya m'badwo wachinayi, yomwe ndinagula yogwirapo kale ntchito. Ana amalemberapo za kusukulu, ine ndimasungiramo mahisabu a kagolosale kathu. Itayamba kuyenda ngati bilimankhwe, ndinagula SSD (disiki yosungira mafayilo, yothamanga kuposa hard disk) ya 240GB ndi RAM (memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito ikayaka) ina ya 4GB yowonjezera pa 4GB yomwe inalimo. Zonse ndinaika Loweruka limodzi, ndikuyamba kuika Windows 10 kuchokera pa fulashi. Ulendo woyamba inaima pa 23%, pomwe pamalembedwa kuti "Getting files ready for installation". Wachiwiri inafika pa 61%. Wachitatu inatulutsa nambala iyi: 0x8007025D.

Manambalawo ndawalemba dala, chifukwa ndi amene anandilozera njira. Inunso tengani pepala, lembani pamene yaimira ulendo uliwonse. Ikamaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, kayikirani fulashi, fayilo ya ISO (yomwe mumakopera pa intaneti, yokhala ndi zoikira Windows) kapena disiki, popeza pali chigawo chimodzi chimene chikukanika kuwerengeka kapena kulembeka. Ikamaima pena lero, pena mawa, kayikirani RAM, kutentha kapena power supply (bokosi logawa magetsi m'kati mwa kompyuta). Si lamulo losaphonya, koma limakupulumutsani ku kumasula zinthu zosalakwa.

Musanazime, onani kaye ngati yaimadi. Dinani Caps Lock: kanyali kake kakayaka ndi kuzima, kompyuta ikadali moyo. Kanyali ka disiki kutsogolo kakamaphethira, ntchito ikuchitika. Mukhozanso kudina Shift ndi F10 pamodzi. Windo lakuda la Command Prompt likatseguka, sinafe, ikungochedwa. Fulashi yotchipa pa USB 2.0 imatha kukhala pa peresenti imodzi nthawi yaitali, choncho ipatseni mphindi 30. Zonsezi zikapanda kuyankha, zimani.

Tsopano chotsani chilichonse chimene sichikufunika kuti Windows ilowe: printa, ka WiFi ka USB, sipika, foni yomwe mukutchaja. Pasale kiyibodi, mausi, sikirini ndi fulashi, ndipo fulashiyo muilowetse kumbuyo kwa kompyuta, osati kutsogolo, chifukwa mabowo akutsogolo amadutsa pa kachingwe komwe nthawi zina kamakhala kotha. Hard disk yakale izuleni zingwe zake zonse ziwiri. Izi ndimaumirira kwa aliyense. Choyamba, zithunzi za ukwati ndi za ana zili m'menemo, ndipo munthu wotopa usiku amatha kufufuta disiki yolakwika. Chachiwiri, Windows ikapeza madisiki awiri imatha kusiya mafayilo oyatsira pa disiki yakaleyo, ndiye tsiku lomwe yakaleyo idzafa, SSD yanu yatsopano sidzayaka.

Pa RAM ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri sayang'ana. Amati, "BIOS ikuonetsa 8GB, ndiye RAM ili bwino." Ayi. BIOS, pulogalamu ya m'kati yomwe imayatsa kompyuta Windows isanayambe, imangowerenga kukula kwake. Pamene Windows ikulowa, mafayilo opanikizidwa a magigabayiti angapo amamasulidwa kudutsa mu RAM, ndipo kachigawo kamodzi kowonongeka kamakwanira kuipitsa fayilo ndi kuimitsa zonse. RAM yomweyo ikhoza kumatsegula Facebook popanda vuto looneka, koma pa ntchito iyi siingabisale.

Zimani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira atuluke, kenako gwirani chitsulo cha kesi musanakhudze zam'kati. Chotsani RAM yatsopano, musiye yakale yokha, muyesenso kuika Windows. Ikadutsa, wolakwa mwamupeza. Ikaimabe, sinthanitsani: yatsopano yokha. Pobwezera, kanikizani mpaka tizitseko ta m'mbali tilire kuti "ka". RAM yolowa mopendama imachita chimodzimodzi ngati yowonongeka. Tizitsulo tagolide tam'munsi tikada, pukutani pang'onopang'ono ndi labala yofufutira pensulo, ndipo fumbi la m'kati mwa slot (momwe RAM imalowa) lipemerereni, makamaka ngati kompyuta yadutsa chilimwe osatsukidwa.

Umboni weniweni umachokera ku Memtest86+, pulogalamu yaulere yomwe mumaika pa fulashi ina n'kuyatsira kompyuta pamenepo. Isiyeni izungulire maulendo anayi, ngakhale zitenge usiku wonse. Mzere wofiira umodzi wokha ndi wokwanira. Yanga inayamba kufiira pasanathe mphindi 10, pa RAM yatsopano ija. Ndinajambula sikirini ndi foni, Lolemba n'kupita nayo komwe ndinagula. Ataona chithunzicho anandisinthira popanda kukangana.

Nthawi zina RAM zonse zimakhala zabwino koma sizigwirizana. DDR3 wamba imayendera 1.5V pamene DDR3L imayendera 1.35V, ndipo pali makompyuta ena, makamaka malaputopu, ofuna DDR3L yokha. Werengani kapepala komatidwa pa RAM musanalipire. Pa makompyuta atsopano, lowani mu BIOS muzime chosankha chothamangitsa RAM chotchedwa XMP, kapena EXPO ngati purosesa ndi ya AMD, kuti RAM iyende pa liwiro lake wamba mpaka Windows italowa. Motherboard (bolodi lalikulu pomwe zonse zimalumikizidwa) ya maslot anayi kawirikawiri imafuna RAM ziwiri zikhale pa A2 ndi B2, wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa.

RAM ikapezeka yosalakwa, bwerani ku fulashi. Chonde musathamangire kukoperanso ISO. Ndi yopitirira 5GB, ndipo bandulo si ya masewera. Mu PowerShell (windo la Windows lolemberamo malamulo) lembani Get-FileHash ndi dzina la fayiloyo, mufananize zotsatira ndi SHA-256 (nambala yaitali yotsimikizira fayilo) yomwe ili pa tsamba la Microsoft. Zikafanana, ISO ilibe mlandu. Wokayikitsa ndi fulashi yeniyeniyo, chifukwa pamsika pali zambiri zolembedwa 32GB pomwe m'kati muli zochepa. Kapulogalamu ka H2testw kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso, ndipo yabodza imagwidwa pomwepo. Pezani ina ya 8GB kapena kuposa, muikonze ndi Rufus, pulogalamu yoikira ISO pa fulashi: musankhe GPT ngati kompyuta ikuyakira mu UEFI (njira yamakono ya BIOS), MBR ngati ili pa Legacy (njira yakale).

Ya SSD ili ndi misampha yakeyake. Mu BIOS, yomwe mumalowa ndi F2, F10 kapena Del kutengera mtundu wa kompyuta, onani kuti SATA (njira yolumikizira madisiki) ili pa AHCI, osati IDE kapena RAID. Pa mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 11, SSD ya NVMe (yaing'ono, yolowa pa bowo la M.2 la pa motherboard) imatha kusaoneka n'komwe pa mndandanda wa madisiki chifukwa cha VMD, yomwe ndi chosankha cha mu BIOS. Izimeni mu BIOS, kapena ikani driver (kapulogalamu kothandiza Windows kuzindikira chipangizo) ya Intel RST pa fulashi n'kudina "Load driver". Pa mamotherboard ena, kuika SSD ya M.2 kumapha mabowo ena a SATA, ndipo bukhu lake limanena kuti ndi ati. Sinthaninso chingwe cha SATA, n'chotchipa. SSD yogwirapo kale ntchito imabwera ndi zigawo zakale zomwe zimasokoneza. Dinani Shift ndi F10, lembani diskpart, kenako list disk, kenako select disk ndi nambala yake, kenako clean. Lamulo la clean limafufuta zonse popanda kufunsa kawiri, n'chifukwa chake ndinati disiki yakale ikhale yozula.

Ngati mwaika graphics card (khadi lotumiza zithunzi ku sikirini) ndipo sikirini imada kapena kompyuta imazima yokha, ichotseni, mulumikize sikirini ku motherboard ngati purosesa yanu ili ndi graphics yake. Madesktop a muofesi ali ndi power supply yaing'ono, yosapangidwira khadi lalikulu. Amene mukuika Ubuntu kapena Linux Mint (mitundu ya Linux, yolowa m'malo mwa Windows) ndipo sikirini ikuda, pa menyu yoyamba dinani e, muwonjezere mawu oti nomodeset pafupi ndi quiet splash. Makhadi a Nvidia amadutsa motero.

Amene mwasintha purosesa, onani kaye kuti kapulasitiki ka pansi pa chozizira munakamatula ndipo thermal paste (phala lopititsa kutentha ku chozizira) munapaka. Onaninso ngati BIOS ikuidziwa purosesayo. Mwachitsanzo, mamotherboard a B450 anafunika BIOS yatsopano kuti alandire Ryzen 5000. Koma apa ndikupempheni: musasinthe BIOS pa magetsi athu othimathimawa popanda UPS (batire losunga magetsi akathima) kapena inverter yodalirika. Akathima ntchitoyo ili pakati, motherboard ikhoza osayakanso. Windows 7 pa motherboard yatsopano ndi nkhani ina: kiyibodi ndi mausi zimangofa chifukwa mulibe driver ya USB 3.0, anthu n'kumati yaima. Musavutike nayo. Ngakhale Windows 10 inasiya kulandira chithandizo wamba pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) komanso, ngati purosesa ndi ya Intel, ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, choncho yathuyi tikuganiza zoisamutsira ku Linux Mint.

RAM yosinthidwayo ndinaiyesa kaye usiku wonse ndi Memtest86+, osaona chofiira. M'mawa Windows inalowa pa SSD pasanathe mphindi 20, ndi fulashi yomwe ija. Nditaiyatsa kawiri n'kuona kuti ikuyaka yokha, ndinazima, ndikubwezera zingwe za hard disk yakale, kenako mu BIOS ndinaika SSD kukhala yoyamba pa Boot Order, mndandanda wa madisiki oyatsira. Zithunzi zonse ndinazipeza pa disiki D, hard disk yakale ija.