Nyumba ya mwana waulumali simaisankha m'chilimwe

Dzinja lino ndatha nsapato kufunafuna ana amene asowa. Sikuti asochera ayi, ali m'nyumba za makolo awo. Asowa ku mafizo (kuchipatala kowongola ndi kulimbitsa ziwalo), asowa kusukulu, ena asowa pamzere wolandirira mankhwala a khunyu. Ndikafika pakhomo ndi kufunsa, yankho limakhala limodzimodzi ngati anachita kupangana: "Alangizi, njira yake. Mwaiona nokha njirayo." Ndipo ndimakhala nditaionadi, chifukwa pofika pamenepo thalauza limakhala litafiira ndi matope mpaka m'mawondo.

Ambiri mwa mabanja amenewa ndi alendo mu Mzuzu muno. Ena abwera pa thiransifa kuchokera ku Lilongwe, ena ku Kasungu, ena ku Dedza, ena atsatira bizinesi. Anafika mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, pothamangira kuti ana ayambe teremu yoyamba kuno. Kulakwa kwawo n'kumodzi, ndipo n'kumene kwandikhazika pansi kuti ndilembe: anasankha dera lokhala fumbi lili kobo, atakwera galimoto kapena njinga yamoto, mwana atamusiya kwa achibale. Njira yochokera pakhomo kukafika pamsewu sanaiyendepo ndi mapazi, ndipo sanafunse aliyense kuti imaoneka bwanji mu Febuluwale.

Zimene zimachitika ndikuzidziwa bwino. Bambo amatsogola yekha. Amapeza ejenti, ejenti amuonetsa nyumba zitatu tsiku limodzi. Bambo amayang'ana lendi, amayang'ana mpanda ndi geti, amafunsa ngati mita ya ESCOM ndi yakeyake kapena yogawana, amatsegula mpopi kuona ngati madzi akutuluka. Akakhutira amajambula zithunzi, n'kutumiza pa WhatsApp kwa mayi. Mayi aona matailosi, avomera. Lendi ya miyezi itatu iperekedwa pomwepo. Pa zonsezi palibe amene wafunsa funso la mwana amene sayenda, kapena amene amagwa khunyu usiku, kapena amene akangoona geti lotsegula amathamanga osayang'ana kumbuyo.

Anthu ochokera m'chigawo chapakati amaganiza kuti mvula amaidziwa. Mvula ya Mzuzu ndi ina. Kwathu kuchigawo chapakati ikafika Epulo anthu amakhala ayamba kuganiza zokolola, kuno imakhala ikugwabe, ndipo ikaleka yamphamvuyo pamabwera yowaza ija ya m'nyengo yozizira, ya nkhungu, imene sionetsa kuti ikunyowetsa koma nthaka osauma. Mu Epulo 2016 mvula inagwa masiku otsatizana mpaka nyumba zambiri zinagwa m'madera angapo a mzinda uno, anthu n'kukasungidwa m'misasa. Amene analipo sanaiwale. Mlendo sangadziwe pokhapokha atafunsa, ndipo safunsa.

Komanso mzindawu sunakhale pachigwa chosalala ngati mmene ulili Lilongwe. Ndi zitunda ndi madambo. Ku Masasa nyumba zambiri zinakanirira m'mbali mwa zitunda, ndipo kanjira kotsikira kunyumba kamene m'chilimwe kamaoneka ngati masitepe abwinobwino, m'dzinja kamasanduka ngalande yoterera ngati therere. Ku Salisbury Line ndi mbali zina za Chibavi ndi Chiputula vuto ndi lina: n'kotsika, madzi ali pafupi, amadikha pabwalo, ndipo zimbudzi zokumba zimadzaza msanga. Sindikunyoza dera lililonse. M'madera onsewa muli nyumba zimene zili pabwino, kufupi ndi msewu woti galimoto imafika chaka chonse, ndipo mulinso zina zimene ngakhale wakabaza amakutsitsirani patali n'kunena kuti kotsalako muyende nokha. Dzina la dera silikuuzani kanthu. Chokuuzani ndi mamita mazana awiri kapena atatu omaliza aja, kuchoka pamene tayala lalekezera kukafika pachitseko.

Mamita amenewo kwa munthu wamiyendo yake si kanthu. Amavula nsapato, kupinda thalauza, kudutsa. Koma taganizirani mayi amene ali ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amene miyendo ndi manja zinauma chibadwire. Wilitcheya m'matope siyenda, timatayala takutsogolo timangozama. Ndiye mwanayo amaberekedwa. Mwana wa msinkhu umenewo si khanda, ndipo ana ambiri otere akadzidzimuka thupi lonse limalimba n'kudziponyera kumbuyo. Mayi atsetsereke naye pachitunda choterera, kumanja ambulera, kumanzere chikwama. Akagwa kamodzi sabwerezanso. Amayamba kunena kuti tidikire mvula ithe.

Kudikira kumeneko n'kumene kumandipweteka mtima, chifukwa mvula imadikirika koma minofu ya mwana sidikira. Mwendo umene sukuwongoledwa tsiku ndi tsiku umafupika mitsempha, bondo limapindika, phazi limaloza pansi. Zimene a mafizo anavutikira chaka chathunthu kuti mwana ayambe kukhala tsonga kapena kuima chogwirira, zimabwerera m'mbuyo m'miyezi yochepa. Nsapato kapena chitsulo chothandizira mwendo chimene anamuyeza chimachepa iye ali m'nyumba, ndipo pokabwerera amayambiranso kuyeza. Kwa mwana wa khunyu n'zoopsa koposa. Mankhwala ngati phenobarbitone kapena carbamazepine sadukizidwa. Ukawasiya mwadzidzidzi kugwa kumabwerera, nthawi zina mwamphamvu kuposa kale. Tsono agwe usiku wa mvula, m'nyumba imene galimoto singafike, bambo ali kuntchito ya usiku. Ndani amunyamule?

Za ndalama ndiye musanene. Banja limasangalala kuti lapeza nyumba yotsika mtengo kutali ndi tauni, osawerengera kuti Mzuzu Central Hospital ili ku Luwinga, mbali ya kumpoto pa msewu wa M1 wopita ku Ekwendeni ndi Karonga. Kuchokera kumadera ambiri uyenera kufika kaye m'tauni, kenako kukwera china. Mwana amene satha kudzigwira sungamukweze pa kabaza ngati thumba la chimanga. Pafunika takisi, ndipo pena umalipira mipando iwiri kapena itatu kuti wilitcheya ilowe nawo, pena woyendetsa amangokupitirira poona kuti mumuchedwetsa. Muwerengere ulendo umenewo kupita ndi kubwera, kangapo pamwezi. Kenako muwonjezere tsiku limene mayi watseka geni yake. Lendi yotchipa ija imakhala yadyedwa kale ndi msewu. Ndipo mukafuna kusamuka pakati pa dzinja, ndalama munapereka kwa alandilodi zija sizibwerera, lole yonyamula katundu nayo imakana kulowa.

Zimandikumbutsa bambo wina mlimi wa kabichi ndi tomato amene ndinakumana naye pamaliro cha ku Lusangazi. Iyeyu kwawo ndi ku Ntcheu, anabwera kuno kalekale. Tikudikira chakudya ndinamudandaulira nkhani yomweyi, iye n'kuseka mpaka kutsokomola. Akuti chaka chake choyamba anabwereka munda mu Okutobala. Dothi lakuda bii, lofewa, mtengo wake wabwino. Mwini munda sananene kanthu. Analima mizere, anathira feteleza wokulitsa wa ngongole, chimanga chinamera bwino. Pofika Januwale munda wonse unali chithaphwi, achule akuimbamo usiku, chimanga chachita chikasu n'kuima pomwepo. Gogo wina woyandikana naye anangomufunsa kuti, "Kodi ada, simunaone udzu wake?" Udzu umene unali m'mbali mwa mundawo unali wa m'dambo, ndipo mwana aliyense wa m'mudzimo ankadziwa. Kuyambira pamenepo, akuti, sabwereka munda asanauone m'dzinja, ndipo akalephera amafunsa mayi wokalamba amene amadutsapo popita kukatunga madzi, osati mwini munda. Kenako nkhani inapita ku mitengo ya feteleza, ndipo sitinabwererekonso.

Koma anthu ophunzira, a masatifiketi awo, amachita zimene mlimi uja anasiya zaka zambiri zapitazo. Ndipo pali chizolowezi china chakale chimene chimandikwiyitsa, ndinene mosabisa. Makolo ena amasankhira dala nyumba yobisika, ya kumapeto, ya mpanda wautali, kuti anthu asamuone mwanayo. Pofunafuna nyumba samutchula n'komwe. Kwa ejenti amati tili ndi ana atatu, pamene ali anayi. Mukubisa chiyani, abale anga? Mwana amene aneba sakumudziwa ndi amene tsiku lina akatuluka pageti palibe womubweza. Amene amadziwika, mayi wogulitsa mandasi pakona amamugwira dzanja n'kubwera naye. Kwa mwana wachialubino mfundo imeneyi ndi ya moyo weniweni: nyumba ya payokha kumalire kwa tchire, njira ya kusukulu yodutsa m'nkhalango ya mapaini, zimenezo ayi, ngakhale lendi itatsika bwanji.

Chinanso chakale ndi chakuti nyumba amasankha ndi bambo chifukwa ndiye wolipira. Koma wobereka mwana kumsana ndani? Wodziwa kuti chitseko cha kubafa chiyenera kukula motani kuti alowe naye ali m'manja ndani? Wodzuka usiku kupita naye kuchimbudzi cha panja ndani? Mayi wina anandiuza mawu amene sindiwaiwala. Anati, "Abambo akunyumba anaona kuti pali malo oimika galimoto. Galimotoyo tilibe." Sindinamuyankhe.

Palinso amene amandiuza kuti walira mvula walira matope, ndiye tingopirira. Mwambiwo ndi wa munthu amene anaipempha mvulayo. Mwanayu sanapemphe kanthu.

Za sukulu nazo anthu amaziyamba cham'mbuyo. Amapeza nyumba, kenako n'kumafunsa kuti sukulu yapafupi ili kuti. Si sukulu iliyonse ya pulayimale imene ili ndi mphunzitsi wa ana ofunika maphunziro apadera. Aphunzitsi amenewa, amene ambiri amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndi ochepa, ndipo chipinda chawo chophunzitsira chimapezeka m'masukulu owerengeka. Mwana wosaona, ambiri amadziwa za sukulu ya ku Ekwendeni, makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni. Mwana wosamva, masukulu odziwika kumpoto kuno ali ku Embangweni, ku Bandawe ndi ku Karonga, ndipo ndi ogonera komweko, choncho funso lanu lisakhale la kanjira ka tsiku ndi tsiku koma la mmene mungafikire kudepoti. Kwa ana ochedwa kukula m'nzeru ndi m'thupi, a St John of God mumzinda muno akhala akugwira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri. Muyambe mwadziwa kumene mwana wanu azipita, kangati pamlungu, ndipo nyumba muiyang'ane kuchokera pamenepo. Mukapeza kuti ku Luwinga lendi yakwera chifukwa cha ophunzira a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), musathawe msanga. Chipinda chimodzi chochepa pafupi ndi msewu wa phula chikhoza kukutchipirani kuposa nyumba yaikulu ya kutsidya kwa dambo.

Musaiwalenso chilankhulo. Pabwalo ana amasewera m'Chitumbuka. Ana anu enawo adzachitola m'miyezi iwiri, koma amene akuvutika kale kulankhula adzafuna nthawi, ndipo aneba ayenera kuuzidwa mawu ochepa amene iye amamva.

Tsono kwa amene muli kale m'matope, ndi amene mukubwera chaka chino, mwachidule chifukwa ndalemba zambiri. Musanapereke lendi, pitani nonse awiri, mayi ndi bambo, muyende wapansi kuchoka pachitseko kukafika pokwerera galimoto, mwana ali kumsana kapena pa wilitcheya yake. Yang'anani m'munsi mwa khoma: mzere wobiriwira kapena pulasitala wofufuma ndiye kuti madzi amafika pamenepo. Yang'anani udzu, monga ananenera gogo uja. Funsani mayi wa pakiyosiki ya madzi ndi anyamata a kabaza a pasiteji kuti mu Malichi galimoto imalekezera pati, osati ejenti. Onani ngati pali chitsime chosavindikira, ngalande yakuya kapena mtsinje pafupi, makamaka ngati mwana amagwa khunyu. Pitani ku ofesi ya PEA (mlangizi wa masukulu a pulayimale) wa dera limenelo mukafunse sukulu imene ili ndi mphunzitsi wapadera. Kumene mukuchokera tengani kalata ya kuchipatala ndi ya kusukulu, buku la kuchipatala la mwana likhale m'chikwama cha m'manja osati m'katoni ya mbale, ndipo pemphani mankhwala okwanira kufikira mutalembetsa kuno. Ngati kusamuka sikutheka pano, uzani a mafizo zoona kuti akuphunzitseni zochita kunyumba, gwirizanani ndi woyendetsa takisi mmodzi amene mungamuimbire usiku, ndipo kanjira kaja katsireni zidutswa za njerwa kapena matumba a mchenga ndi aneba anu Loweruka likubwerali. Alandilodi auzeni mwezi uno kuti mudzatuluka mvula ikatha, kuti pofika Meyi kapena Juni muyambe kuyang'ana ina matope asanaumiretu.