Mmene Mungayambire Kusema Mtengo Popanda Kudzicheka

Mpeni wobuntha ndi woopsa kwa wosema kuposa wakuthwa. Chifukwa chake n'chakuti mpeni ukabuntha mumaukankha ndi mphamvu zambiri, ndipo mtengo ukabenthuka mwadzidzidzi, mphamvu zonsezo zimathamangira kumene mpeniwo waloza. Choncho ntchito yoyamba kuiphunzira ndi kunola. Nolani pamwala wonolera mosasinthasintha kapendekedwe ka mpeni, kenako muupukute kangapo pachikopa, mukuukokera kumbuyo kuti kukamwa kwake kusadule chikopacho. Tchizulo chosemera chimanoledwa mopendekeka pa madigiri pakati pa 20 ndi 25. Kuti mudziwe ngati mpeni wathwa, sendani nawo kumapeto kwa kamtengo kofewa: ukasiya malo osalala ndi owala ndiye kuti wathwa, koma ukasiya timizere toyera, bwererani pamwala. Musayese ndi chala.

Musanadule paliponse, dzifunseni kuti mpeniwo ukaterereka ukathera pati. Yankho lisakhale dzanja logwira mtengo, mimba, kapena ntchafu. Za ntchafu ndizinena motsindika, chifukwa ambiri amakonda kukhala pansi n'kutsamiritsa mtengo pamwendo, pamene mkati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi umene ukadulika munthu angathe kufa m'mphindi zochepa. Mukakhala pampando, tsamiritsani zigongono pamaondo kuti mpeni uzigwira ntchito kutsogolo kwa maondo, kapena semerani pambali pa thupi. Valani golovesi yosadulika msanga kudzanja logwira mtengo, koma dziwani kuti nsonga ya mpeni ingathe kuiboola. Mukamagwiritsa ntchito tchizulo, mtengo upanidwe pathebulo, ndipo manja onse awiri akhale kumbuyo kwa kukamwa kwa tchizulocho.

Poyambira sankhani mtengo wofewa, wowongoka, wopanda mfundo. Mtengo wauwisi umasemeka mosavuta kuposa wouma, koma umang'aluka ukauma mofulumira, n'chifukwa chake ndi bwino kuchotsa mtima wake wapakati ndi kuumitsa chosemacho pamthunzi pang'onopang'ono. Mitengo yolimba ngati phingo muisiyire m'tsogolo. Matabwa othiridwa mankhwala ophera chiswe musasemere zodyera.

Mtengo uli ndi ulusi woyenda m'litali mwake, ndipo luso lonse la kusema lagona pa kuumvetsa ulusi umenewu. Mukamasema motsatira ulusi, tizibenthu timatuluka topyapyala ndi topindika, ndipo pamene mwadutsa pamasalala. Mukasemphana nawo, mpeni umalowa mwakuya kuposa mmene mumafunira, mumamva kuthetheka, ndipo mtengo umayamba kung'aluka kutsogolo kwa mpeni. Mukamva zimenezi imani pomwepo, tembenuzani mtengo, muyambire mbali inayo. Pamalo olowa mkati, monga pakhosi pa supuni, semani kuchokera pokwera kupita potsika kumbali zonse ziwiri, mpaka mabala awiriwo akumane pakati. Ineyo ndinathyola supuni zingapo pakhosi pomwepa ndisanamvetse kuti ndinkakakamiza mpeni kukwera mtunda umene ulusi sunkalola.

Pali madulidwe atatu okwanira kuyamba nawo. Koyamba ndi kukankha: gwirani mpeni ndi dzanja limodzi, ikani chala chachikulu cha dzanja logwira mtengo kumsana kwa mpeniwo, ndipo chalacho ndicho chizikankha pang'onopang'ono kuloza kunja. Kachiwiri ndi kukoka ngati mukusenda chipatso, mukufumbata zala kuti mpeni ubwere kwa inu. Pamenepa chala chachikulu chikhale mmunsi mwa njira ya mpeni, ndipo ndi bwino kuchikulunga ndi kachikopa. Kachitatu ndi kudula malire, kumene mumayamba mwalowetsa mpeni choimirira pamzere umene mwajambula, kenako n'kusenda kuloza pamzerepo, kuti chibenthu chiduke pamalire osapitirira. Nthawi zonse chotsani pang'onopang'ono, popeza chimene mwachotsa simungachibwezeretse.

Manja akatopa, kapena kuwala kukachepa, lekani. Mpeni ukagwa musauwakhe, chotsani miyendo kuti ugwere pansi, ndipo mukamaliza ntchito muubwezere m'chimake. Pokwecha ndi sandipepala vundikirani mphuno ndi pakamwa ndipo mugwirire ntchito pamalo opita mphepo, chifukwa fumbi la mitengo limayambitsa chifuwa ndi ziwengo, ndiponso kulipuma kwa zaka zambiri kumawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mphuno.

Mukadzicheka, tsukani balalo ndi madzi oyera, likanikizeni ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, dzanja litakwezedwa m'mwamba. Pitani kuchipatala msanga ngati magazi sakuleka, ngati bala ndi lakuya kapena layasama, kapenanso ngati chala chachita dzanzi kapena chikukanika kupinda, pakuti mwina mwadula mtsempha. Mukafika kumeneko funsaninso ngati mukufunika katemera wa kafumbata.