Hatchi yosafuna kusiyana ndi zinzake

Hatchi ikamalira, kutuluka thukuta n'kumatembenukira kukhola ikangosiyana ndi zinzake, si mwano ayi, ndi mantha. Chikwapu chimangowonjezera. Tsiku loyamba chokani nayo mamita 20 okha, zinzake zikuoneka, ndipo bwererani isanayambe kuvuta. Mawa lake onjezerani pang'ono. Pafupi ndi khola izigwira ntchito yozungulirazungulira. Kutali ndiye ipume, zingwe zili lende, ibudule msipu.

Ikaima n'kukaniratu, musakoke zingwe zonse ziwiri, ingaime ndi miyendo yam'mbuyo n'kukugwerani. Kokani chimodzi, khosi lipinde, izungulire. Pobwerera iziyenda, osathamanga, ndipo mukafika musafulumire kumasula chishalo kapena kuipatsa gaga. Kuyenda nayo m'misewu ya Blantyre, momwe muli njinga za kabaza, kudikire kaye.