Mmene mungatsimikizire kagulugufe kausiku katsopano ndi kukapatsa dzina

Mwafunsa kuti mwagwira kagulugufe kausiku kakang'ono ngati njere ya mpunga, m'mabuku simukukapeza, ndiye mutani?

Yambani n'kutolera tambiri, tatimuna ndi tatikazi. Yanikani nsalu yoyera usiku, muiwalitse ndi nyale, tidzabwera tokha. Ngati ndi kumalo otetezedwa monga ku Nyika, pezani kaye chilolezo. Mukaona mbozi zake zikudya m'kati mwa tsamba, ziweteni mpaka zisanduke, chifukwa chomera chimene zimadya ndi umboni waukulu.

Kagulugufe kalikonse kabayeni ndi kasingano kopyapyala, tambasulani mapiko kasanaume, mulembe malo, tsiku ndi dzina la wotolera.

Pagona nkhani ndi apa: mapiko amanyenga. Dulani kamimba, mukaviike m'mankhwala a potassium hydroxide a 10 peresenti, kenako muone ziwalo zoberekera pa maikulosikopu. Mitundu iwiri yofanana mawanga kawirikawiri imasiyanira pamenepo. Kamwendo kamodzi katumizeni kokapima DNA, zotsatira zake muziyerekeze ndi za mu BOLD, nkhokwe ya pa intaneti yosunga zotsatira za DNA za zamoyo zosiyanasiyana. Komabe DNA yokha musaidalire. Fananizaninso ndi zitsanzo zakale zosungidwa, monga za ku Natural History Museum ku London, komwe kuli zambiri zochokera mu Africa muno.

Mukatsimikiza, sankhani kamodzi kakhale holotype, koimira mtundu wonsewo, ndipo kasungidwe ku myuziyamu. Fotokozani chimene chikukasiyanitsa ndi abale ake, muikepo zithunzi, mupereke dzina la Chilatini motsata ICZN, malamulo a dziko lonse operekera mayina a sayansi kwa nyama. Ngati magazini imene mukufalitsamo zimenezi imatuluka pa intaneti pokha, lembetsani nkhani yanu ku ZooBank, kaundula wa pa intaneti wa mayina a nyama. Kuyambira 2012, popanda kutero dzinalo silivomerezeka.