Fetereza wodikira ndalama za m'tauni akufika chimanga chitafooka kale

Masabata awiri apitawa, ine monga mlangizi wa zaulimi, ndakhala ndikuyenda m'minda ya m'dera langa, ndipo zomwe ndaona zandiwawa mtima. Chimanga chafika m'mawondo, masamba a m'munsi achita chikasu, mapesi ngoonda ngati bango, koma fetereza sanathiridwepo ndi kamodzi komwe. Ndikafunsa eni minda, yankho limangofanana: "Tikudikira mwana wa ku Lilongwe atumize pa Mpamba," kapena "bambo a ana ali ku Joni, ati atumiza pa Mukuru mwezi ukatha."

Abale anga, chimanga sichidikira tsiku la malipiro. Fetereza wokulitsa, NPK, amafunika pobzala kapena sabata yoyamba mbewu itamera, kuti mizu igwire. Wobereketsa, Urea, timathira pakatha masiku 21 chimerereni. Izi takhala tikunena pa misonkhano chaka ndi chaka mpaka mawu kusasa. Kuchuluka kwa njere zomwe zidzakhale pa chitsononkho kumayambira pomwe mbewu ikadali yaing'ono. Ikavutika ndi njala nthawi imeneyo, ngakhale mudzathire matumba awiri pomwe yayamba kumasula ngayaye, masamba adzangobiriwira koma zitsononkho zidzakhala zing'onozing'ono. Choipa china, ndalama zikachedwa anthu akumasakaniza NPK ndi Urea n'kuthira kamodzi mu Januwale, mvula ili pachimake, ndipo gawo lalikulu limangokokoloka ndi madzi.

Dzana ndinaima pa munda wa mayi wina wachikulire. Mwana wawo ndi mlonda ku Blantyre, amachita lendi ku Ndirande. Mayiwa anandionetsa uthenga pa foni: ndalama zinafika pa 28 Disembala, pomwe iwo anabzala ndi mvula yoyamba kumapeto kwa Novembala. Atapita kwa ogulitsa zipangizo zaulimi pa tauni yathu yaing'ono anapeza mtengo utakwera, ndalama ya thumba lathunthu inangokwanira ndowa ziwiri. "Alangizi, nanga ndikanatani? Mwanayo naye ali ndi lendi, ali ndi fizi ya ana mu Januwale," anatero. Sindinawadzudzule, chifukwa n'zoona. Koma ndinawafunsa kuti mu Juni mwanayo atabwera kudzatenga chimanga ananyamula matumba angati. Anati asanu, anakweza pa basi. Nkhani ya fetereza wa chaka chino sanaikambe n'komwe tsiku limenelo.

Apa ndiye pamene pandikwiyitsa. Munda wa kumudzi ukudyetsa mabanja awiri, la kumudzi ndi la m'tauni. Ufa womwe ukuphikidwa ku Kawale, ku Mbayani kapena ku Chibavi, wambiri umachokera m'nkhokwe za makolo, pamodzi ndi nyemba, mtedza ndi mfutso. Ndiye n'chifukwa chiyani timayamba kuimbirana mafoni mvula itagwa kale, ngati kuti dzinja labwera modzidzimutsa? Chizolowezi chakuti wa m'tauni ndi wothandiza pa ngozi chitheretu. Iyeyo ndi mlimi mnzanu, kungoti khasu lake ndi ndalama. Munda ukakanika, mu Febuluwale ndi iye yemwe adzagule chimanga chodula kwa mavenda kapena kuima pa mzere ku ADMARC, chodya iye ndi chotumiza kumudzi. Amalipira kawiri: fetereza yemwe sanagwire ntchito, kenako chakudya.

Kumbukirani za mu Novembala 2023, pomwe ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anali atagula fetereza mu Ogasiti ndi Seputembala anapulumuka, odikira Disembala anakumana ndi mitengo ina. Ndipo musadalire fetereza wotsika mtengo wa boma yekha, pakuti si onse amene mayina awo amatuluka, ndipo nthawi zina amafika mochedwa m'misika.

Tsono kwa amene chimanga chawo sichinamasule, thirani Urea lero lomwe nthaka ikadali yonyowa, mukumbe kadzenje pambali pa phando n'kukwirira, ndipo palirani kaye kuti udzu usadye nawo. Ngati chamasula kale ndipo ndevu zauma, sungani thumbalo pamalo ouma, pamwamba pa matabwa, lidzagwire ntchito ku dimba. Chaka chino tsiku lomwe wa m'tauni akudzatenga matumba, khalani pansi mugwirizane kuti azitumiza pang'onopang'ono kuyambira Julayi, ndalamazo zizilowa ku banki mkhonde kapena mugulirepo fetereza nthawi yomweyo. Konzaninso kompositi ndi manyowa a Mbeya (osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi fetereza pang'ono) m'chilimwe. Ofuna kuona kapangidwe kake andipeze ku ofesi ya zaulimi ya dera lathu (EPA) Lachiwiri m'mawa.