Musanagule TV, foni kapena laputopu yotumiza ku Zomba

Abale anga a ku Joni, ku Cape Town, ku UK ndi ku America, Disembala akayandikira mumayamba kuzungulira m'masitolo kufuna chinthu chachikulu chotumiza kwathu. Vuto lake, mumagula mukuganiza za nyumba imene mukukhala uko, ya Wi-Fi yosatha, pamene katunduyo akukagwira ntchito ku Matawale, ku Chinamwali kapena kwa Jali, kumene magetsi amapita osatsanzika ndipo bandulo amagula ya tsiku limodzi.

Tiyambe ndi pakhoma. Magetsi a ESCOM ndi a 230V, ndipo soketi zathu ndi za mano atatu amakona, zofanana ndi za ku UK. Katundu wa ku UK amangolowa. Wa ku South Africa mphamvu yake ndi yomweyo, koma pulagi yake nthawi zambiri ndi ya mano atatu ozungulira, akuluakulu aja. Iduleni muike yamakona yokhala ndi fiyuzi ya 3A kapena 5A. Osadalira timaadaputa totchipa, timakhwefuka, timatentha, kenako n'kusungunula soketi. Inu a ku America ndiye mvetsetsani: kwanuko ndi 120V. Tembenuzani chinthucho muwerenge kumbuyo. Ngati palembedwa 100–240V, chibwere. Ngati palembedwa 120V pokha, chikangolumikizidwa ku Zomba chiphulika pomwepo. Matchaja a laputopu ndi a foni ambiri amalandira zonse, koma ma TV ndi ma speaker ambiri ogulitsidwa ku America salandira. Ngakhale TV ya ku America italandira 230V, imakoka siginolo ya ATSC pamene kwathu ndi DVB-T2, choncho payokha siigwira tchanelo n'chimodzi chomwe popanda dikoda yolowera pa HDMI.

Dikoda musatumize n'komwe. Yolembetsedwa pa akaunti ya ku South Africa ndi ya ku South Africa. Tumizani ndalama, akagule konkuno ya Kiliye Kiliye, GOtv, Azam kapena DStv malinga ndi thumba. Komanso musamange nyumba yonse pa sabusikiripishoni imodzi: mu 2023 MultiChoice inaimitsa DStv ku Malawi kwa kanthawi itasemphana ndi MACRA pa nkhani ya mitengo, ndipo anthu anangotsala ndi madishi padenga.

Za kukula kwa TV ndimakangana ndi anthu chaka chilichonse. Ya mainchesi 65 ndi yokondweretsa wogula, osati woonera. Imasweka mosavuta panjira, msonkho wake ndi waukulu, ndipo imadya moto woti batire la pakhomo silingapirire. Werengani nokha. Batire la 100Ah pa 12V limasunga 1,200Wh, koma likakhala la asidi simuyenera kulimaliza kupitirira theka, apo ayi lifa chaka chisanathe. Ndiye mwatsala ndi 600Wh. TV ya LED ya mainchesi 32 imadya mawati 30 mpaka 50, dikoda 10 mpaka 15. Mukaphatikiza ndi zimene inverter imataya yokha, banja lionera usiku wonse wa mpira n'kutsalako moto wotchajira mafoni. Ikani chi TV chachikulu cha mawati opitirira 120 ndi soundbar pamwamba, nthawi ija yatsika kufika theka kapena kuchepera apo. Kwa ine 32 kapena 43 ndi pothera.

Inverter ikhale ya pure sine wave. Za modified zotchipa zija zimaliritsa ma speaker ndi kutenthetsa matchaja. Ndipo musanagule chilichonse chokongola, gulani TV guard, kachipangizo kodula moto ukakwera kapena ukatsika kwambiri, kenako n'kudikira kaye magetsi akabwera kasanatsegule. Ma TV ambiri safa magetsi akamapita, amafa akamabwera. Nyengo ya dzinja mitambo ikaunjikana paphiri la Zomba, auzeni kunyumba azule pulagi komanso chingwe chochokera kudishi kapena ku eliyo. Mphezi imalowera pachingwe chimenecho, n'kudutsa mu dikoda, n'kuotcha khomo la HDMI la TV. Guard wa pakhoma sateteza njira imeneyo.

Tsopano nkhani ya ma transporter, imene mpaka lero imandiwawa.

Ngati mukubwera nokha, n'zachidule: sungani malisiti a kusitolo, onetsani katundu kwa a MRA pa Mwanza, pa Dedza, ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport, lipirani zimene akuuzani, tengani lisiti. Basi.

Koma ambiri mumapereka kwa ajenti, ndipo ajenti wina wa ku Joni anandiphunzitsa mmene ntchitoyi amaiyendetsera. Polandira katundu mawu ake anali okoma: "Bwana, zonse zili momwemo, transport ndi duty, mpaka pakhomo ku Zomba." Palibe chimene analemba kupatula dzina pa katoni ndi maka. Galimoto itadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, foni inalira kuti katundu wagwidwa pa Mwanza, pakufunika ndalama zina lero lomwe, apo ayi alandidwa. Funsani pepala losonyeza msonkho umene awerengera, muona mmene nkhani imasinthira: netiweki yavuta, mnyamata amene ali ndi mapepala wachokapo, tumizani kaye tikupatsani pambuyo. Chimene chimachitika n'chakuti amaunjika katundu wa anthu ambirimbiri pa dzina limodzi, n'kulemba mitengo yabodza yotsika. Zikadutsa, phindu ndi lake. Zikagwidwa, chindapusa amagawira inu eni katundu, ndipo aliyense amamuuza mtengo wakewake chifukwa simudziwana.

"Pakhomo ku Zomba" paja panasanduka pa Limbe, kuti wina akwere minibasi akatenge yekha. TV inabwera itagonekedwa chafufumimba pansi pa zigubu za mafuta ophikira. Kunja katoni inali bwinobwino, galasi losasweka ukaliona lozima. Kuyatsa, theka la sikirini linali lakuda ndi mizere yamitundumitundu. Sikirini ya TV ikathyoka mkati palibe wokonza, ndipo kugula ina mtengo wake umayandikira wa TV yatsopano. Laputopu inachoka ndi RAM ya 16GB, inafika ndi 4GB, tchaja yake yeniyeni itasinthidwa ndi yabodza yopepuka ngati chikho. Yankho la ajenti: "Munaipakira nokha, ife sititsegula katundu wa anthu." Kenako anasiya kuyankha foni, ndipo pa WhatsApp akulengezabe ulendo wotsatira.

Ndiye chitani izi, musachite manyazi ngakhale munthuyo ndi wa kumpingo kwanu kapena wa kumudzi kwanu. Yatsani TV pamaso pake, jambulani vidiyo yoonetsa sikirini yonse ndi nambala ya siriyo ya kumbuyo. Pa laputopu jambulani tsamba loonetsa RAM ndi disiki, ndipo pakani utoto wa zikhadabo pa sikuluwu ziwiri za pansi kuti wina akatsegula zioneke. TV iyende choimirira, mu katoni yake, ndi zoyera zotetezera zija m'makona onse. Alembe papepala katundu, mtengo wake, malo enieni okatula, ndi kuti msonkho uli momwemo kapena ayi, asayine. Perekani theka, theka linalo katundu akafika. Akakana zimenezi, nyamulani katundu wanu muzipita. Ndalama iliyonse ya "pa boda" isatuluke musanaone chithunzi cha pepala la MRA. Wolandira kunyumba asatsanzike dalaivala asanayatse chinthucho. Ndipo nthawi zambiri, mukaphatikiza mtengo, transport, msonkho ndi chiopsezo, kugula TV ku Blantyre ndi waranti yoti mungabwerere nayo kusitolo kumaposa zonsezi.

Mafoni ndi amene amaliritsa amayi athu kwambiri, chifukwa amafika okongola koma osagwira ntchito. Pali maloko atatu. Loyamba ndi la netiweki: foni ya kontirakiti ya AT&T kapena T-Mobile imakana SIM ya Airtel ndi TNM mpaka kampaniyo itaitsegula, ndipo imatsegula pokhapokha ngongole yatha. Ku UK analetsa kugulitsa mafoni okhoma chotere kuyambira Disembala 2021, koma akale akadalipo. Lachiwiri ndi la akaunti: iPhone imene mwini wake sanatuluke mu iCloud ndi njerwa, ndipo anyamata a mumsika wa Zomba akakuuzani kuti aiflasha, akungofuna ndalama zanu. Android nayo, mukaifufuta musanachotse akaunti ya Google, ikayaka imafunsa pasiwedi ya mwini wakale. Chotsani akaunti kaye, kufufuta pambuyo. Lachitatu ndi la foni yobedwa kapena yotsekeredwa: imbani *#06# muone IMEI, nambala yapadera ya foniyo, muifananize ndi ya pa bokosi. Chinanso, ma iPhone ogulitsidwa ku America kuyambira iPhone 14 alibe polowetsa SIM, ndi a eSIM okhaokha, SIM yosagwirika yolembedwa mkati mwa foni. Musawapatse agogo a ku Songani mtolo umenewo. Foni wamba ya SIM ziwiri, batire la 5,000mAh ndi polowetsa memory card iwathandiza kuposa.

Kwa mwana amene ali ku UNIMA kapena ku Domasi, musagule laputopu yatsopano yotchipa ya pulasitiki, ya Celeron ndi disiki ya 64GB yomatiriridwa mkati. Gulani yakale ya m'maofesi, ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook, ya RAM 8GB ndi SSD ya 256GB. Imatseguka ndi sikuludiraiva, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Musanalipire, lowani mu BIOS, tsamba limene mumatsegula kompyuta ikangoyaka Windows isanayambe, muone ngati mulibe pasiwedi ya kampani imene inkaigwiritsa ntchito, ikakhalamo, isiyeni. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okotobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ikakhala ya Intel ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. N'chifukwa chake makina abwinobwino atchipa uko. Musawaike Windows yakuba yokhala ndi tizilombo. Ikani Linux Mint m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo munthu wozolowera Windows sasochera. Makina akakhala ofooka, sankhani mtundu wake wopepuka wa Xfce. Koperani fayilo yake, ilembeni pa fulashi ya 8GB ndi pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher, yatsani kompyuta kuchokera pa fulashiyo, ndipo poika chongani bokosi la ma codec kuti makanema azisewera.

Zonsezi chitirani uko komwe intaneti ndi yosawerengera. Malizani ma update onse, ikani VLC yoonera makanema, ndipo mu LibreOffice, pulogalamu yolembera, sinthani kuti izisunga mafayilo ngati docx, chifukwa aphunzitsi ndi malo osindikizira mapepala ku Chikanda amatsegula ndi Word. Ikaninso Kiwix ndi fayilo ya Wikipedia kuti mwana aziwerenga popanda bandulo. Chenjezo limodzi: ngati maphunziro ake akufuna AutoCAD kapena pulogalamu ina ya Windows yokha, mufunseni kaye, musamukakamize Linux chifukwa choti inu mumaikonda.

Smart TV ndi yanzeru pokhapokha pali intaneti. Netflix pa HD imadya mpaka 3GB pa ola, pa 4K mpaka 7GB. Ndani akugula bandulo imeneyo? Inu nomwe, mwezi ndi mwezi. BBC iPlayer ndiye siigwira n'komwe kunja kwa UK. Chimene chimagwira ntchito kwathu ndi fulashi kapena hard drive yodzaza kale: makanema a ukwati ndi chinkhoswe, kwaya, zojambula za adzukulu, maphunziro a ana. Apa pali misampha iwiri. Pa mitundu ya format ya fulashi, FAT32 siilandira fayilo yoposa 4GB, pamene ma TV ena akale sawerenga exFAT, ndiye yesani NTFS. Ndipo kanema wosungidwa mu mtundu wa H.265 pa TV yakale amatulutsa mawu okha chithunzi palibe. Musintheni ndi pulogalamu ya HandBrake akhale MP4 ya H.264 pa 720p, achepanso kukula. Fulashi ya 2TB ya mtengo wa chakudya chamasana ndi yabodza, imaonetsa malo ambiri koma imafufuta zakale mwakachetechete. Iyeseni ndi pulogalamu ya H2testw musanaikemo kanema wa ukwati wa mlongo wanu.

Timabokosi ta Android topanda dzina, tolonjeza matchanelo onse aulere, ndimadana nato. Timagwira miyezi ingapo kenako seva yake imatsekedwa, ndipo tina timabwera ndi mapulogalamu oipa kuchokera kufakitale. Mu 2025 FBI inachenjeza za zimenezi pa dzina la BADBOX 2.0. Ngati kunyumba kuli mnyamata wa manja aluso, mutumizireni kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi 4 yoikidwa LibreELEC, imene imayatsa mwachindunji Kodi, pulogalamu yoonetsera makanema pa TV. Imayendera 5V, siipitirira mawati 15, ndipo pa ma TV ambiri rimoti ya TV yomweyo imaiyendetsa kudzera pa HDMI. Ngati kulibe munthu wotere, khomo la USB la pa TV ndi lokwana.

Mabatire akuluakulu a sola gulani kwathu, ndi olemera ndipo ndege siziwalola. Power bank imayenda m'chikwama cha m'manja, osati mu sutikesi yopita pansi, ndipo malire ake popanda chilolezo cha kampani ya ndege ndi 100Wh. Ya 20,000mAh ndi 74Wh, imadutsa. Ya 30,000mAh yapitirira, ndipo imene zolemba zake zinafufutika akhoza kukulandani pa chipata ngakhale ili yaing'ono.