Sizasi yometera: musathamangire kunola, musakakamirenso yakufa

M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse m'makomboni a Lusaka. Ometa a ku Mtendere, Chawama, Kanyama ndi Matero amene analibe sola kapena makina a batire anakumbukira sizasi yomwe inkangogona m'dirowa. Ambiri ataitulutsa anapeza ikutafuna tsitsi m'malo modula. Lero ndikulankhula ndi inu abambo a m'mababashopu ndi amayi a m'masaluni za chida chimenechi.

Ndikamayendera anzanga pa ntchito, wina amandipatsa sizasi n'kunena kuti, "Iyi yabuntha, ndikaipereke kwa onola." Kawirikawiri ndikaiyang'ana ndimapeza kuti kukamwa kwake kuli bwinobwino, vuto lili pa kabawuti ka pakati. Sizasi sidula ngati mpeni wa kukhitchini. Imadula chifukwa mipeni yake iwiri imakhudzana pa kamalo kamodzi, ndipo kamaloko kamayenda kuchokera kutsinde mpaka kunsonga pamene mukutseka. Kabawuti kakamasuka, mipeni imatalikirana pang'ono, tsitsi limalowa pakati n'kupindika. Pamenepo wometa amayamba kukankha cham'mbali ndi chala chachikulu kuti mipeni ikumane, iye osazindikira n'komwe, ndipo kukankhako n'kumene kumadya chitsulo mpaka sizasi kubunthadi. Kabawuti kakathina kwambiri, mipeni imapalana yokha ndipo dzanja limafika madzulo litatheratu.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Gwirani chogwirira chimodzi, nsonga ziloze kumwamba. Kwezani chinacho mpaka sizasi itaoneka ngati mtanda, ndiye chisiyeni chigwe chokha. Ikatsekeka yonse n'kumveka kha, yamasuka. Ikangoti njo osayenda, yathina. Yabwino imagwa n'kuima panjira, nsonga zisanakumane. Potani kabawuti pang'ono zedi, yesaninso, potaninso. Chitani zimenezi m'mawa uliwonse musanalandire kasitomala woyamba.

Chachiwiri ndi litsiro. Pansi pa kabawuti pamadzaza tizidutswa ta tsitsi, mafuta odzola m'mutu ndi fumbi. Nonse mukuidziwa mphepo ya kuno kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, mmene imaulutsira fumbi m'misewu ya m'komboni. Fumbi limenelo ndi mchenga wosalala, ndipo mukadula tsitsi lafumbi mukupala sizasi yanu pamchenga. Ngati madzi alipo, tsukani mutu musanamete. Ngati palibe, pesani bwino ndi kuwaza timadzi. Mukaweruka, tsegulani sizasi, ipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera kutsinde kupita kunsonga, donthezani dontho limodzi la mafuta pa kabawuti, tsegulani ndi kutseka kangapo kuti litsiro lituluke, n'kupukutanso. Mafuta ake ndi aja mumathira m'makina ometera, kapena a makina osokera. Saladi ayi. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo, ndipo fumbi limamatirira pomwepo.

Ukhondo sitingaunyengerere, chifukwa sizasi imadutsa m'mitu yambiri ndipo chipere chimayenda ndi zida. Pukutani ndi spiriti mukamaliza mutu uliwonse. Chimene ndimaletsa ndi kuiviika m'madzi a Jik n'kuisiya momwemo. Klorini amadya chitsulo, ngakhale chija cholembedwa kuti stainless steel, n'kusiya timaenje kukamwa. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, musaigoneke yonyowa kapena kuikulunga m'thawulo lachinyezi.

Amayi a m'saluni, apa ndiye pali nkhani yanu. Meshi, mawigi apulasitiki ndi ulusi wosokera wivi zimabunthitsa sizasi msanga kuposa tsitsi la munthu. Khalani ndi masizasi awiri, ya tsitsi ndi ya meshi, ndipo mwana wophunzira ntchito adziwe kusiyana kwake tsiku loyamba. Sizasi ya tsitsi isadule pepala, isatsegule paketi ya mankhwala, isabwerekedwe ndi telala wa shopu yoyandikana nayo, ngakhale akhale mlamu wanu.

Mwakonza kabawuti, mwatsuka, mwathira mafuta, koma ikuvutabe? Tsopano yesani kukamwa. Nyowetsani tishu imodzi, iduleni pang'onopang'ono mpaka kunsonga. Yakuthwa imadula mzere woyera, yobuntha imang'amba kapena kukoka. Kenako itsekeni pang'onopang'ono pafupi ndi khutu. Mukamva ikugwira pamalo amodzi, pali kobenthuka, ndipo nthawi zambiri ndi chifukwa inagwa pa simenti. Sizasi ikagwa musaitseke mwamphamvu kuti muone ngati ili bwino, popeza kobenthukako kamakanda mpeni winawo, bala limodzi n'kukhala awiri.

Pa kunola m'pamene masizasi ambiri abwino amafera. Alipo amitundu iwiri. Ena kukamwa kwawo kuli ndi kamzere kopendekeka koonekeratu, monga amapangira ku Solingen m'dziko la Germany, ndipo awa savuta kunola. Ena, opangidwa mwa njira ya ku Japan, kukamwa kwawo n'kobulungira mosalala popanda kamzere, amadula mofewa kwambiri koma amafuna wonola wodziwa. Mbali ya mkati ya mpeni uliwonse ndi yolowa pang'ono ngati supuni, ndipo m'mphepete mwake muli kanjira kopyapyala kowala komwe mipeni imakhudzanirana. Wonola mipeni ya m'butchala ndi zikwanje, amene amagwiritsa ntchito gilayinda yothetheka moto, sanapangidwire ntchito iyi. Amadya chitsulo chambiri nthawi imodzi, amafafaniza kanjira kaja, ndipo kutentha kumafewetsa chitsulo. Mukaona kukamwa kwasanduka kobiriwira ngati kwapsa, dziwani kuti sizasiyo izibuntha pakangopita masiku ochepa, muinole kangati.

Choncho mufunseni wonola musanamupatse: kodi amamasula sizasi n'kunola mpeni uliwonse pawokha? Amanola pamwala wothira madzi kapena pa gilayinda youma? Muyambe mwamupatsa yotchipa kuti muone dzanja lake. Zija mumaona pa Facebook ndi TikTok, zodula sandipepa, zodula foyilo kapena kukukuta khosi la botolo, zisiyireni sizasi ya kukhitchini. Kwa wometa wa sizasi tsiku ndi tsiku, kunola kamodzi kapena kawiri pachaka n'kokwanira ngati akuisamala. Kunola kulikonse kumachotsa chitsulo chomwe sichibwerera.

N'chifukwa chake sizasi iliyonse ili ndi mapeto. Chizindikiro chachikulu chili kunsonga: ikanoledwa kambirimbiri, mipeni imawonda, ndipo mukatseka nsonga sizikumananso, pamatsala kampata. Wonola waluso akhoza kuchepetsa kamphira ka pakati pa zogwirira kuti zikumane, koma zimenezi zimatheka kamodzi kapena kawiri basi. Ngati mbali ya mkati yaphwatalala, ngati dzimbiri laboola kukamwa, ngati mpeni wapindika moti kuwala kumaoneka pakati sizasi ili yotseka, kapena kabawuti kamamasuka kokha mutangometa mutu umodzi ngakhale mwasintha kawasha ka pansi pa kabawutiko, imeneyo yatha. Kamphira kotayika ndi kawasha kodyeka zokha si imfa, zimagulidwa. Werengeraninso ndalama. Sizasi yotchipa ya chitsulo chofewa, imene mtengo wonolera ukuyandikira mtengo wa yatsopano, musaivutikire. Ndipo mverani dzanja lanu: chala chachikulu ndi mkono zikamawawa usiku uliwonse, chida chikukugwiritsani ntchito yomwe chinayenera kugwira chokha.

Mukapita kukagula ku Kamwala kapena m'mashopu a zida za saluni m'tauni, musagule ili m'paketi yomata. Pemphani kuti muigwire. Itsekeni pang'onopang'ono, iyende mosalala mpaka kunsonga, ndipo kabawuti kakhale kotheka kupota, osati kokhomerera ngati msomali. Wometa pamwamba pa chipeso amapindula ndi yaitali mainchesi 6.5 kapena 7, pomwe ya mainchesi 5.5 ndi yabwino pokonza m'mbali mwa makutu. Chitsulo cha mtundu wa 440C ndi poyambira pabwino, cha mtundu wa VG-10 chimasunga kuthwa nthawi yaitali koma ndi chodula. Mawu oti Japan odindidwa pa mpeni asakutengeni mtima, aliyense akhoza kudinda. Amanzere funani sizasi ya amanzere, chifukwa ya kumanja mudzaikankha cham'mbali moyo wake wonse.

Yakale ija musaitaye. Imangeni katepi kofiira pa chogwirira, ikhale ya meshi ndi ulusi, ndipo telala akabwera kudzabwereka mumupatse imeneyo.